Lumbiro la Olemekezeka

Fayilo inafika pa tebulo langa Lolemba m'mawa, ndipo anaibweretsa ndi abwana anga enieni, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Anaiika pansi ngati ikuwawotcha zala.

"Insipekitala, iyi muyende nayo mofatsa," anatero. "Mufunse anthu awiri atatu, mulembe kuti palibe mlandu, mundibwezere Lachisanu."

"Ngati yankho mukulidziwa kale, bwana, ine ndikafufuza chiyani?"

"Ndati mofatsa, mayi." Anatuluka osatseka chitseko.

Ndakhala wapolisi wofufuza milandu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo fayilo ikabwera ndi yankho lake m'thumba, ndimaiwerenga kawiri. Nkhani inali iyi. Bambo wina wolemera, amene tauni yonse imawatchula kuti a Matayala chifukwa anayamba ndi kugulitsa matayala akale asanakhale ndi malole ambirimbiri, anasudzula akazi awo. Chuma sanalimbirane. Analimbirana mwana, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi. Khoti linapereka mwanayo kwa bambo ake, ndipo mayi analoledwa kumuona maola awiri okha Loweruka lililonse, pamaso pa mayi wa boma woona za ana.

Chimene chinawagwetsa mayiwo ndi umboni wa munthu mmodzi, phungu wa Nyumba ya Malamulo, mnzawo wa a Matayala kuyambira ali pasukulu. Olemekezekawo analumbira kuti Loweruka lina masana anapita kunyumba kwa mnzawo, n'kupeza mayi ataledzera, ali thasa pa sofa, mwana akulira pansi, phazi litachekedwa ndi galasi. Anamunyamula okha kupita naye kuchipatala. Kalata ya kuchipatala inali m'fayilomo, yonena kuti bala analisoka. Tsopano mayiwo anali atadandaula kuti phunguyo ananamiza khoti.

Ndinawapeza kwa akulu awo, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo yogulitsa penti ndi misomali.

"Mowa sindimwa, Insipekitala," anayamba ndisanafunse n'komwe. Ankalankhula motsitsa, manja atawapinda pamiyendo. "Ndimadwala mutu waching'alang'ala. Tsiku limenelo unandigwira kuyambira m'mawa. Ndinamwa mankhwala amene adokotala anandipatsa, n'kutseka makatani, n'kugona kuchipinda. Kuchipinda, osati pa sofa. Bambo ake anati atuluka naye mwana akamugulire nsapato."

"Antchito anali kuti?"

"Loweruka amaweruka masana."

"Munadzuka nthawi yanji?"

"Cha m'ma faifi. Ndinapeza mwana ali ndi bandeji, bambo ake ataima pakhomo la chipinda akukalipa. Amati anabwerako msanga, anamusiya mwana ndi ine iwo n'kupita kuofesi, ndipo mnzawo ndi amene anadzamupeza akutaya magazi ine ndikuliza mkonono."

"Mwanayo ananena chiyani?"

"Ukamufunsa amangoyang'ana bambo ake, n'kukhala chete. Ndikuuzeni zoona? Za mowazo ndinkadziwa kuti n'zabodza. Koma zoti anavulala ine ndili mtulo, miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikuzikhulupirira. Mankhwala aja ndi amphamvu."

"Nanga chasintha n'chiyani?"

"Loweruka lapitali tikuseweretsa zidole, anangoti, 'Mami, ankolo aja ndi amphamvu. Tsiku lija anandinyamula masitepe onse aja, akupuma ngati galu.' Amanena Olemekezekawo. Mayi wa boma uja anamva nawo, ndipo analemba."

"Ndiye vuto lili pati?"

Anandiyang'ana m'maso koyamba. "Nyumba ija ndakhalamo zaka khumi. Ilibe sitepe ngakhale imodzi."

*

Ananena zoona. Ndinasuzumira pa geti la a Matayala masana omwewo, ndipo nyumba inali yaikulu ngati sukulu koma yapansi yokhayokha. Mlonda wa pagetipo anali mkulu wa ndevu zoyera, wowongoka msana ngati wameza ndodo.

"Ine ndinali msilikali, mayi," anatero akundipatsa mpando wake. "Cholowa ndimalemba, chotuluka ndimalemba. Ngakhale galu wa aneba akalowa, ndimalemba nthawi yake."

"Ndiye tione tsiku limene mwana anavulala."

Anatsegula buku la alendo monyadira, akunyambita chala tsamba lililonse. Lachinayi. Lachisanu. Kenako Lamulungu. Anabwerera m'mbuyo, n'kupitanso kutsogolo. Pakati pa bukulo panatsala kamzere kowongoka bwino, ntchito ya lezala.

"Bukuli linachokapo pano?" ndinafunsa.

"Kamodzi kokha. Bwana analibwereka, amati akufuna aone amene amabwera kwa madamu."

"Koma mutu wanu sanaubwereke. Olemekezeka anabwera tsiku limenelo?"

Anayang'ana kunyumba, kenako kumsewu. "Galimoto ya Olemekezeka ikafika ndimaimirira n'kupereka sawatcha, iwo amatsitsa galasi n'kunditi 'Kaputeni'. Tsiku limenelo sindinapereke sawatcha kwa aliyense. Bwana anatuluka ndi mwana m'mawa, mwana akudumphadumpha. Anabwera cha m'ma folo, mwana atamugoneka kumpando wakumbuyo, phazi lili loyera ndi bandeji. Nditafunsa, anandiuza kuti ntchito yanga ndi geti."

"Pakati apo sanabwereko?"

"Geti ili limatsegulidwa ndi ine ndekha."

"Kukhoti sanakuitaneni?"

Anaseka mopanda chimwemwe. "Mlonda amakumbukiridwa zinthu zikasowa, mayi."

Nditatulutsa pepala loti asaine, anabisa manja kumbuyo. "Pakamwa ndakupatsani. Koma dzanja ayi. Ndili ndi ana asanu ndi awiri, ndipo onse amadya kuchokera pa geti ili."

Sindinamukakamize. Ndisanafike n'komwe pamphambano ya msewu waukulu, foni yanga inalira. Anali abwana anga.

"Mumakafuna chiyani kunyumba kwa a Matayala?"

Ine sindinauze munthu aliyense kumene ndikupita.

*

Lachiwiri ndinayamba ndi mapu a tauni. Chipatala chimene chinasoka mwanayo chinali kiliniki yaing'ono kutsidya lina la tauni. Kuchokera kwa a Matayala ndinayenda mphindi makumi anayi, ndipo m'njira ndinadutsa zipatala ziwiri zikuluzikulu. Munthu wanyamula mwana wotaya magazi angadutse zipatala ziwiri?

Anesi amene anagwira ntchito tsiku limenelo anali mayi wamfupi, wolankhula mothamanga, ndipo sanasiye kupinda mabandeji nthawi yonse imene tinkacheza.

"Ndingaiwale bwanji? Munthu wa pa wailesi ya kanema kulowa muno malaya ali psuu ndi magazi, thukuta lili kamukamu? Teni pasiti thu. Onani m'kaundulamu, ndimalemba ndekha, enawa zolemba zawo zili ngati mapazi a nkhuku."

"Anakuuzani kuti mwana wachokera kuti?"

"Sindinafunse. Koma magazi anali asanayambe n'kuuma komwe. Ameneyo sanachokere kutali, mphindi zisanu zikachuluka."

"Galasilo linali la botolo?"

"Botolo? Ayi. Botolo ndi lokhuthala. Kamene ndinachotsa kanali kopyapyala ngati chikhadabo, ka matambula aja a mwendo umodzi omwera vinyo."

"Anabwera okha?"

"Ndi dalaivala wawo, amene ankangozungulira ngati wataya makiyi. Bambo a mwanayo anafika ndasoka kale." Anaima kaye, bandeji ili m'manja. "Kunabweranso wina. Mtsikana, wa magalasi akuda, wopanda nsapato. Anaima panja apo pafupi ndi zenera, akulira. Olemekezeka anatuluka, ndipo ndinawamva ndi makutu angawa akuti, 'Iwe, bwerera kunyumba! Usaonekere pano!'"

Ndinawaonetsa chithunzi cha akazi a Matayala. "Ndi awa?"

"Awa ndi mayi wamkulu. Uja anali wa zaka za m'ma twente faifi. Komanso inu, mkazi wa mnzako ungamunene kuti iwe?"

*

Dalaivala wa Olemekezeka ndinamupeza Lachitatu m'mawa pamalo otsukira magalimoto, atakhala pa chidebe, akuyang'anira anthu akupukuta galimoto yakuda ya abwana ake. Anali munthu wa nthabwala, wa dzino limodzi lagolide.

"Ine, amayi, ntchito yanga ndi kuyang'ana kutsogolo. Zakumbuyo mukafunse kalilole."

"Loweruka limene mwana wa a Matayala anavulala munali kuti?"

"Loweruka liti? Pachaka Maloweruka ndi ambiri. Mwina ndinali patchuthi. Mwina kumaliro. Kwathu anthu amakonda kumwalira kumapeto kwa sabata."

"Anesi akuti munalipo."

"Madalaivala timafanana. Tonse mimba kutsogolo, chipewa pamutu."

Ndinamusiya aseke. Ndinazungulira galimotoyo, n'kusuzumira mkati. Mipando inali ya chikopa choyera ngati mkaka.

"Koma mumaisamala," ndinatero. "Ine yanga mwana anasanziramo chaka chatha, mpaka lero banga lilipo. Magazi ndiye ndikumva kuti sachoka n'komwe pachikopa chotere."

"Ndani wakunamizani? Amachoka! Madzi ozizira, osati otentha. Ine tsiku lija ndinachita kugwada maola awiri, mpando wonse uwu unali..."

Anatseka pakamwa. Dzino lagolide lija linabisala.

"Unali bwanji?"

"Amayi, mukufuna ana anga adye chiyani?"

"Pali mayi amene amaona mwana wake maola awiri pa sabata chifukwa cha tsiku limenelo. Sindikufunsa zimene munaona. Ndikufunsa kumene munaimika galimoto."

Anayang'ana otsuka aja, n'kutsitsa mawu. "Kuseri kwa kiliniki ija kuli nyumba zosanja zopaka penti yobiriwira. Chikepe chake chokwezera anthu m'mwamba chinafa kalekale. Munthu wofuna kulimbitsa miyendo amakwera mpaka nambala twelofu." Anaimirira n'kukuwira otsukawo. "Inu, matayala amenewo mwapukuta ndi maso? Ine sindinanene kanthu, amayi. Ndimangokamba za masewera olimbitsa thupi."

*

Masitepe ndinawawerenga. Analipo makumi asanu ndi limodzi kudza anayi, ndipo pofika pamwamba nanenso ndinali kupuma movutika. Ndinagogoda pa nambala twelofu. Anatsegula mtsikana wamtali, wowonda, maso otupa. Nditamuonetsa chiphaso changa sanadabwe. Anangobwerera m'kati, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

Pabalaza panali paudongo kwambiri. Sofa yaitali, kabati ya magalasi, ndipo m'kabatimo matambula a mwendo umodzi ataimikidwa pamzere. Analipo asanu. Pakona panali jekete lachimuna, lalikulu, ndi kiyi wa galimoto wokhala ndi chizindikiro cha kampani ya malole a a Matayala.

"Nyumbayi ndi yanu?"

"Ndimakhalamo."

"Mwini wake ndani?"

"Mukudziwa kale, apo ayi simukanakwera masitepe onsewo."

"Matambula awa amagulitsa asanu ndi limodzi. Ina ili kuti?"

Anabisa manja m'khwapa. Ndinkaganiza kuti nkhani ndaimvetsa: munthu wolemera, chibwenzi chobisika, ndi mnzake wandale womubisira manyazi. Zoterezi ndaziona kambirimbiri. Chimene sindinkamvetsa n'chakuti phungu wa zaka makumi awiri m'Nyumba ya Malamulo angaike khosi lake pampeni chifukwa cha chibwenzi cha munthu wina.

Kenako ndinaona chithunzi pamwamba pa kabati. Mtsikana yemweyu atavala mkanjo wa omaliza maphunziro, akumwetulira, ndipo pambali pake Olemekezeka atamugwira paphewa, nkhope ili ngwee ndi kunyada.

"Awa ndi ndani wanu?"

Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Ndi bambo anga," anatero. "Chonde tulukani."

*

Lachinayi m'mawa ndinali woyamba kufika kukhoti. Kalaliki wosunga zolemba za milandu ndi mnzanga wakale, mayi wokonda kunong'ona ngakhale m'chipinda muli anthu awiri okha. Anandipatsa umboni wonse wa Olemekezeka monga unalembedwera, liwu ndi liwu. M'fayilo yanga munali chidule chabe.

Ndinawerenga ndi pensulo m'manja. *Ndinapita kunyumba kwa mnzanga.* Sanatchule msewu. *Ndinapeza mayi wa m'nyumbamo ataledzera.* Sanatchule dzina. Masamba anayi onse, palibe pamene ananena kuti "akazi ake" kapena "mayi a mwanayo". Loya wa a Matayala ndiye ankafunsa, ndipo mafunso ake ankaponda mosamala ngati munthu wodutsa pamatope atavala nsapato zatsopano. Kumapeto anafunsa kuti, *Mayi amene mukunenayo ali muno?* Olemekezeka anayankha kuti, *Ali muno.*

"Pamenepa analoza munthu?" ndinafunsa.

"Ayi ndithu," kalaliki ananong'ona. "Anangoyang'ana pansi. Tonse tinatembenukira kwa madamu aja, iwo n'kuyamba kulira. Loya wawo anali wongoyamba kumene, anasokonezeka, sanafunsenso kanthu."

"Kumabenchi a anthu omvera kunali ndani?"

"Atolankhani awiri, achibale. Ndi mtsikana wina kumbuyo kwenikweni, wa magalasi akuda. Tinkamuyesa wophunzira zamalamulo. Anabwera tsiku limenelo lokha."

Anali mtsikana wa ku nambala twelofu uja. Anachita kumubweretsa, n'kumukhazika kumbuyoko, kuti liwu lililonse la lumbirolo likhale loona.

*

Ofesi ya Olemekezeka inali ndi kapeti wofewa ndi zithunzi zawo zambiri akudula maliboni. Anandilandira ataimirira, manja onse awiri atatambasula, mawu awo aja a pamsonkhano.

"Insipekitala! Amayi ngati inu ndiwo msana wa dziko lino. Ndakhala ndikunena m'Nyumba muja kuti apolisi athu..."

Ndinaika mapepala a kukhoti pa tebulo lawo. "Dzulo ndinali ku nambala twelofu."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Anavala magalasi, n'kusuntha mapepalawo ndi chala chimodzi kubwezera kwa ine.

"Ndionetseni liwu limodzi labodza m'menemo."

"Mulibe. Nyumba ija ndi ya mnzanu. Mayi wa m'nyumbamo analedzeradi. M'khoti analimo. Koma munkaona kumene woweruza akuyang'ana, ndipo munamusiya ayang'ane komweko. Lamulo limati kusocheretsa khoti mwadala ndi mlandu, Olemekezeka. Inu mumadziwa bwino, malamulo mumapanga ndinu."

"Muli ndi mboni?"

"Ndili ndi anesi, ndi mwana amene wayamba kulankhula. Enawo akuopa, koma mantha amatha akamva kuti ena alankhula kale."

Anavula magalasi aja. Mawu a pamsonkhano anathera pomwepo, ndipo amene anatsala anali a bambo wotopa.

"Muli ndi ana, mayi?"

"Awiri."

"Tsiku limenelo ndinali pamwambo wotsegulira mjigo. Foni inalira, mwana wanga akulira, akuti adadi bwerani, pali magazi. Anandilozera nyumba imene sindinkaidziwa. Ndinakwera masitepe aja ndikuganiza kuti wachita ngozi. Ndinapeza iye ali pa sofa, sakutha n'kuima komwe, ndi kamwana ka mnzanga pansi. Mnzanga uja anali atakasiya pamenepo n'kupita kukaona malole ake, atakangana ndi mwana wanga mpaka kuswa zinthu." Anapukusa mutu. "Munthu amene tinkagona chipinda chimodzi kusukulu. Mwana wanga atabadwa, anabwera kuchipatala n'kumunyamula m'manja. Ndi mmene ndinadziwira za chibwenzi chawocho, Insipekitala. Pamasitepe paja."

"Ndiye munamuchitira umboni?"

"Anabwera muno, anakhala pamene mwakhalapo. Anati ndikakana, nkhani ipita kunyuzipepala ndi zithunzi, ndipo mwana wanga aimbidwa mlandu wovulaza mwana. Loya wake anandilembera mawu aja, n'kunditsimikizira kuti palibe bodza. Ndinawaloweza ngati ndakatulo ya kusukulu."

"Munateteza mwana wanu popereka mwana wa mayi wina."

Kunja kunamveka phokoso, mlembi wawo akuti simungalowe, ali ndi mlendo. Chitseko chinatseguka. Anali mwana wawo, wopanda magalasi akuda, chikwama chaching'ono chili paphewa.

"Adadi, zakwana," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "A Matayala akumutenga mwana lero. Wina wa kupolisi kwanuko wawauza kuti mwafika patali. Andiuza kuti ndilongedze, ndege ikunyamuka faifi koloko. Akukamutenga kusukulu panopa."

"Khoti linaletsa kumutulutsa m'dziko popanda chilolezo cha mayi ake," ndinatero.

"Kalata yachilolezo ali nayo. Ndinawaona dzulo akuyeserera siginecha ya akazi awo papepala, mpaka inafanana."

Ndinayang'ana wotchi. Inali kota tu leveni. Olemekezeka anali ataimirira kale, akuvala jekete.

"Galimoto yanga ndi yothamanga kuposa yanu," anatero.

*

Dalaivala wa dzino lagolide sanandiyang'ane n'komwe. Anayendetsa ngati akuthawa moto. Ndinaimbira apolisi awiri amene ndimawakhulupirira, kenako mayi a mwanayo. Tili m'njira, abwana anga anaimba.

"Bwererani kuofesi tsopano lino. Fayilo ija ndikuipereka kwa wina."

"Chabwino, bwana. Koma Olemekezeka ali nane muno m'galimoto, avomera zonse, ndipo akufunsa kuti ndani wakhala akuuza a Matayala mayendedwe anga. Ndiwapatse foni?"

Foni inaduka.

Pa geti la sukulu tinapeza galimoto yaikulu ya a Matayala, masutikesi awiri akuonekera kumbuyo. Eni ake anali muofesi ya aphunzitsi aakulu, ndipo mawu awo ankamveka kuchokera pabwalo. Anali munthu wamkulu thupi, wa mphete zitatu, wosazolowera kudikira.

"Ndi mwana wanga! Ndikumufuna panopa!"

Aphunzitsi aakuluwo anali mayi wokalamba, woonda, wa magalasi omangirira chingwe. Sanakweze mawu. "Ndakuuzani, bambo, akulemba mayeso a masamu. Pano mwana satuluka belu lisanalire, kaya bambo ake ali ndi malole kaya ali ndi sitima. Khalani pa benchi apo."

Atationa, a Matayala anamwetulira mwachangu. "Achimwene, mwafika bwino. Auzeni awa kuti ine ndine ndani."

"Ndawauza kale," anayankha Olemekezeka. "Zonse."

Ndinapempha chikwama cha mapepala chimene a Matayala anakumbatira. Anakana. Apolisi anga awiri atalowa, anachipereka. Munali mapasipoti atatu, matikiti, ndi kalata yachilolezo yosainidwa bwino kwambiri. Mayi a mwanayo anafika nthawi yomweyo, akupuma mwabefu, atavala masilipasi osiyana. Ndinawaonetsa kalatayo.

"Dzanja ili ndi lanu?"

"Ndi lokongola kuposa langa," anatero. "Koma si langa."

A Matayala anayamba kutchula mayina a anthu akuluakulu amene adzandichotsa ntchito dzuwa lisanalowe. Aphunzitsi aakulu anawadula. "Ngati mukuwamanga, atulutsireni kugeti lakumbuyo. Belu lilira posachedwa, ndipo sindikufuna mwana aone bambo ake ali m'maunyolo."

Tinachita momwemo. Belu litalira, mayi a mwanayo ndi amene anaima pakhomo la kalasi. Woweruza anawalola masana omwewo kusunga mwanayo mpaka mlandu utamvedwanso, ndipo patapita milungu itatu anawapatsa kotheratu.

*

Cha m'ma fili koloko Olemekezeka anali muofesi yanga yopapatiza, atakhala pa mpando wothyoka mkono. Analemba okha masamba asanu ndi limodzi, osafufuta paliponse, ndipo ulendo uno anatchula msewu, nambala ya nyumba ndi dzina la aliyense. Mwana wawo analemba ake pa tebulo lina. Nditawerenga, ndinawauza Olemekezeka kuti ndikuwatsegulira mlandu wosocheretsa khoti, ndipo adikira m'chitokosi mpaka loya wawo atamaliza za belo.

"Atolankhani ali panja," ndinawachenjeza. "Mukafuna, pali khomo lina."

"Ayi. Makomo ena andikwana." Anavula kabaji ka Nyumba ya Malamulo pa jekete n'kukaika pa tebulo. "Tandiuzani, mayi, popeza malowa ndi achilendo kwa ine. Munthu amalowa bwanji m'menemo?"

"Mmene mulilimu. Kungochotsa tayi, lamba ndi zingwe za nsapato."

Tayi anamasula. Lamba anavula n'kumupinda bwinobwino. Atawerama kuti afike pa nsapato, mimba inawatsekereza. Anayesa kawiri, nkhope ikufiira, zala zikulephera kufika pa mfundo. Wapolisi wa pachitseko anayang'ana kumbali.

Mwana wawo anadzuka pa tebulo paja. Anagwada pa simenti patsogolo pa bambo ake, n'kuyamba kumasula zingwezo, nsapato imodzi kenako inayo. Olemekezeka anaika dzanja pamutu pake, ndipo sanalichotse mpaka anamaliza.